Nkhope ndi Yanga, Nanga Chithunzi n'cha Ndani?

Sabata ino maere agwera ine. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti geni yanga ndi usipa wouma, tomato ndi anyezi mumsika wa Nkhata Bay, ndipo ndakatulo zanu ndimawerengera pabenchi makasitomala akachepa. Lero sindiunika ndakatulo kapena nkhani yaifupi ayi. Ndiunika zithunzi. Wina afunsa kuti zithunzi zikudzatani pagulu la zolembalemba. Dikirani pang'ono, muona kuti matenda ake ndi amodzimodzi.

Mwezi wathawu bungwe lina linabwera pano paboma kudzaphunzitsa achinyamata kujambula ndi makamera a digito. Maphunziro anali a masiku asanu. Mmodzi mwa ophunzirawo ndi mlongo wanga wamng'ono amene ndimakhala naye, yemwe analemba Fomu 4 chaka chatha koma akungokhala. Tsiku lomaliza anatsukitsa zithunzi 30 n'kuzipachika pa zingwe muholo ngati zovala zoyanika. Ndinasiyira mnzanga benchi n'kupita kukaona, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mnyamatayu wandikakamira kuti ndimukongolere ndalama kubanki m'khonde agule kamera yakeyake. Chachiwiri, anthu anali atandiuza kale mumsika kuti, "Asisi, mwapachikidwatu kuholo."

Ndiyambe ndi zabwino, poti wodzudzula wosayamika ndi wanjiru chabe.

Anawa anaphunzira kuwala, ndipo si nkhani yaing'ono. Aliyense amene anajambulitsapo kunyanja masana akudziwa: madzi amatuluka okongola, thambo lokongola, koma nkhope bii, mano okha mbee. Chimachitika n'chakuti kamera imayeza kuwala kwa malo onse. Ikaona madzi akunyezimira imayesa kuti kwawalitsa, ndiye imatsinzina, nkhope n'kuda. Anawaphunzitsa kuyeza kuwala pankhope osati pamadzi, kuimika munthu pamthunzi, komanso kujambula m'mawa kapena dzuwa litapendeka, chifukwa dzuwa la paliwombo limaika mithunzi m'maso munthu n'kuoneka ngati wadwala mwezi wonse. Ngakhale pafoni zimatheka: ungodina pankhope pasikirinipo, kuwala kumasintha. Ine ndemwe ndaphunzirapo.

Vutoli si la lero. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi nkhope ya mayi wachizungu, lotchedwa Shirley, loti aziyezera mitundu pa makina awo. Khungu la mayiyo likatuluka bwino, basi makina ali bwino. Khungu ngati langali silinali m'maganizo mwawo. Zinayamba kusintha pamene opanga chokoleti ndi mipando yamatabwa anadandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Taganizani, chokoleti chinamveka msanga kuposa munthu! Lero makampani ngati Tecno amatsatsa mafoni ponena kuti kamera yake imatulutsa bwino khungu lakuda, poti anazindikira kuti ogula ndife. Choncho nditaona nkhope zathu muholo muja zikuoneka bwinobwino, thukuta ndi makwinya omwe, mtima unakondwa.

Zithunzi ziwiri zinandigwira mtima. China chinajambulidwa ndi mtsikana. Palibe nkhope, manja okha a mayi akuika usipa m'milu. Timamba ta nsomba tamatirira ku zala n'kumanyezimira, chala chachikulu chili ndi chipsera cha mpeni, ndipo pamfundo ya chitenje pakusuzumira K500 yopindapinda, diso limodzi la John Chilembwe likuoneka. Wojambulayo sanatiuze kuti timve chisoni kapena tisangalale. Anangotionetsa ntchito, ndipo aliyense wogulitsa pamsika akaona amadziwa kuti milu imeneyo yayezedwa ndi manja odziwa, palibe wochepa palibe wochuluka.

Chachiwiri ndi cha tsiku la Ilala. Sitima imeneyi yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo yajambulidwa kosawerengeka, nthawi zambiri ili patali pamadzi, yoyera ngati ya pakalendala. Mnyamata uyu sitimayo anaisiya, n'kugwada pansi pakati pa anthu otsitsa katundu. Matumba, matiresi, zidebe, miyendo, zonse zikuoneka zoyenda, koma pakati pakhala gogo mmodzi phee pathumba lake, akusenda nthochi. Ndinamufunsa, akuti anadikira kupitirira ola, ndipo gogoyo ankamudziwa, anayamba acheza kaye za abale a ku Usisya. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano tibwere pa zondiwawa.

Ndinawerenga. Mwa zithunzi 30 zija, 9 zinali za dzuwa likutuluka panyanja, bwato lili pakati. Zina 8 zinali za ana: opanda nsapato, malaya ong'ambika, mamina, maso ali tong'o kuyang'ana kamera. Ana ambiri ndikuwadziwa. Wina mayi ake ali ndi okala, ndipo Lamulungu mwanayo amatchena kuposa wanga. Anamupeza akusewera mumchenga, basi wasanduka chizindikiro cha umphawi.

Funso ndi ili: achinyamata obadwira konkuno, odziwa kanjira kalikonse kuyambira kujeti mpaka ku Chikale, atagwira kamera anaona bwanji zomwezo zimene mlendo wa masiku awiri amaona? Yankho langa ndi lakuti sanajambule Nkhata Bay. Anajambula zithunzi za Nkhata Bay zimene anaziona kale pa Facebook, pa zikwangwani za mabungwe ndi pa timabuku ta alendo. Maso anali awo, koma kayang'anidwe kanali kobwereka. Ndi matenda omwe aja timauzana pano ndakatulo zikabwera: mayi aliyense ndi wolira, wamasiye aliyense wavala nsanza, nyanja iliyonse ndi yabata. Wolemba sanapite kukaona, wangokumbukira zimene ena analemba. Muholo monse munalibe chithunzi cha amayi akupota kondowole, telala ali pamakina, anyamata akukonza injini ya boti, kapena mtsikana wa Airtel Money akuwerenga ndalama. Kodi zimenezi si Nkhata Bay?

Ndiye pali chithunzi nambala 17. Mayi wakhala pabenchi, dzanja lagwira tsaya, maso ali pansi, patsogolo pake beseni lopanda kanthu. Mpango wapendekeka. Kumbuyo konse kwachita mbuu, mayi yekhayo ndiye akuoneka. Pansi pake analemba mawu achingerezi otanthauza kuti mayi wa kumsika wadikira tsiku lonse osagulitsa kanthu.

Mayiyo ndine.

Abale, tsiku limenelo ndikulikumbuka. Ndinadzuka 4 koloko kukapikula, ndipo pofika 2 koloko masana usipa wonse unali utatha psiti. Beseni linali lopanda kanthu chifukwa ndinagulitsa zonse! Tsaya ndinagwira poti ndimawerengetsa chamumtima kuti ndikachotsa mpamba ndi ya banki m'khonde itsala zingati. Linali limodzi mwa masiku abwino mwezi umenewo. Koma paja kwathu kuno wogwira tsaya ndi wodandaula, ndiye azimayi ena a kutchalitchi atachiona anabwera kudzandifunsa mwakachetechete ngati kunyumba kuli bwino. Wina amene amandipatsa tomato pangongole anayamba kukayikakayika. Mukuona? Chithunzi chimodzi chinatsala pang'ono kundidulira mpamba.

Chondivuta kwambiri n'chakuti pa luso, chithunzi chimenechi ndiye chinaposa zonse. Kuwala kwake kofewa, kaimidwe kake kabwino, ndipo anthu amaima nthawi yaitali pamenepo. Kamera sinaname za beseni. Inangodula. Inasiya kunja kachikwama kotupa kamene kanali m'chiuno mwanga, inasiya mnzanga wa benchi yoyandikana amene tinkaseka naye mphindi zapitazo. Kenako mawu apansi aja anamalizitsa bodza. Luso likachuluka bodza limakoma, ndipo bodza lokoma ndi limene limakhalitsa.

Ndipo wojambula wake ndi mlongo wanga yemwe uja, wodya nsima ya m'beseni lomwelo.

Kunyumba ndinamufunsa. Iye akuti, "Asisi, musakwiye. Aphunzitsi anati munthu akadziwa kuti ukumujambula amasintha nkhope, chithunzi sichikhala chenicheni. Anati tiziima chapatali tizikoka ndi lenzi. Mawuwo sindinalembe ine, analemba ndi iwowo." Ndiye kuti masiku asanu anaphunzira kubisala kuseri kwa okala ngati wosaka mbalame ndi legeni, koma mawu amodzi amene mwana aliyense amaphunzira asanayambe sukulu sanawamve: odi.

Pali china chimene ndinaona. Muholo munalibe chithunzi cha mkati mwa banki, mkati mwa ofesi, pakhonde la munthu wolemera, kapena cha alendo akudya kumalo awo ogona. Chifukwa? Kumeneko kuli geti, kuli mlonda. Kamera imaopa geti. Imalimba mtima pa ife amumsika, asodzi ndi ana a m'mbali mwa nyanja, poti tilibe chitseko choti titseke. Ngati choonadi chimafuna kujambula mobisala, bwanji amabisalira osauka okha?

Sikuti kujambula kwabwera ndi bungweli. Ife amene tili m'zaka za m'ma 30 tikukumbuka wojambula woyenda ndi kamera m'khosi, makamaka pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere nthawi ya chilimika. Umalipira theka, n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze, apite nayo ku Mzuzu kukatsukitsa. Nthawi zina mwezi umatha. Koma tsiku lojambulitsa timasamba, kudzola mafuta, kubwereka nsapato, wina kunyamula wailesi, wina kuima pafupi ndi maluwa. Munthu amasankha yekha mmene akufuna kukumbukiridwa, ndipo chithunzi chimabwerera m'manja mwake.

M'nyumba mwathu muli chithunzi cha agogo aamuna. Monga Atonga ambiri a m'boma lino, anapita kukagwira ntchito ku Harare, kukutchedwa Salisbury nthawi imeneyo. Anali khukhi kwa mzungu. Koma pachithunzipo avala suti, tayi ndi chipewa, apingasa miyendo, nyuzipepala ili m'manja. Sabata yonse amaitanidwa ngati mwana, koma pamaso pa kamera anakhala bambo. Mlendo wokoka ndi lenzi akanawajambula ali ndi epuloni kukhitchini n'kunena kuti chenicheni n'chimenecho. Ine ndikuti zonse ziwiri n'zoona, koma chimodzi chokha ndi chimene iwo anavomera kutisiyira.

Mwambo umenewu ndi wakale m'dziko muno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunali Mungo Murray Chisuse, yemwe ankagwira ntchito yosindikiza mabuku ku Blantyre Mission ndipo anali mmodzi mwa Amalawi oyambirira kujambula zithunzi. Iyeyu anajambula John Chilembwe ndi banja lake, atavala mwaulemu, akuyang'ana kamera mosaopa. Palinso chithunzi cha 1914 pamene Chilembwe waima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu, nthawi imene munthu wakuda amayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Patapita zaka zoposa 100, Samson Kambalu, Mmalawi wophunzitsa ku Oxford, anatenga chithunzi chimenecho n'kupanga chiboliboli chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, Chilembwe ali wamkulu kuposa Chorley. Mphamvu yonse ya chithunzicho ili poti Chilembwe ankadziwa kuti akujambulidwa, ndipo anasankha kusavula chipewa. Akanamujambula mobisala, chipewacho sichikananena kanthu. Ku Mali nako kunali Seydou Keïta, amene mu situdiyo yake ku Bamako ankasunga mawailesi, mawotchi ndi njinga zamoto zoti anthu wamba ajambulitse nazo. Lero zithunzi zake zili m'nyumba zazikulu zoonetsera luso kunja. Ndiye aphunzitsi aja akamati munthu wodziwa kuti akujambulidwa satulutsa chithunzi chenicheni, ine ndikukana.

Ndikudziwa kuti ena muli kale ndi mayankho, poti gulu lino sililola munthu kudutsa chabe. Wina ati, "Mayi, nanga zithunzi zotchena sizinama?" Zimanama, shuwa. Tonse tili ndi m'bale ku Joni amene amajambulitsa atatsamira galimoto ya bwana wake, kuno n'kumati wadutsa, pamene akugona anthu asanu chipinda chimodzi. Zithunzi zoterozo zakokera anyamata ambiri paulendo wopanda mapepala. Komabe bodza limenelo mwini wake ndi iye, akadzagwidwa manyazi ndi ake. Langa lija anandiveka ndi ena, manyazi n'kukhala anga.

Wina ati, "Nanga atolankhani azipempha chilolezo paliponse?" Ayi. Pa 16 June 1976 ku Soweto, Sam Nzima anajambula mwana wa zaka 12, Hector Pieterson, atawomberedwa ndi apolisi, mnyamata wina atamunyamula, mlongo wake akuthamanga pambali. Panalibe nthawi ya odi. Chithunzicho chinatuluka mu nyuzipepala ya The World n'kuonetsa dziko lonse nkhanza za tsankho, ndipo mpaka pano pa 16 June timakumbukira tsiku la mwana wa mu Africa. Koma taonani kusiyana kwake. Nzima anaonetsa chimene amphamvu ankafuna kubisa, ndipo anazunzika nacho mpaka kusiya utolankhani. Wondijambula ine sanaulule chinsinsi cha wamphamvu aliyense, ndipo sanaike moyo wake pachiswe. Anangopeza munthu wosatha kukana. Kamera yoloza m'mwamba ndi kamera yoloza pansi si imodzi.

Sindikunenanso kuti aliyense aziima njo ngati wa chiphaso cha unzika. Gogo wa pa Ilala uja sanapange pozi. Anadziwa kuti mnyamata ali pompo ndi kamera, anavomera, kenako anamuiwala n'kupitiriza nthochi yake. Chenicheni chimabwera munthu akakuzolowera, osati ukamubera. Kungoti njira imeneyi imadya nthawi, ndipo maphunziro a masiku asanu nthawi alibe.

Nkhani ya zipangizo nayo ndiinene, poti ndi imene ikukhudza thumba langa. Maphunziro atatha makamera anabwerera ndi eni ake. Anawa anatsala ndi satifiketi ndi njala ya chinthu chimene sangakwanitse. Mlongo wanga tsopano amagona pa intaneti kuyang'ana ma Canon ndi ma Nikon, kutchula manambala a malenzi ngati mavesi. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale kamera yakale yochokera ku Joni mtengo wake ndi mpamba wanga wonse ndi wa mnzanga. Bwanji sanawaphunzitse pa mafoni amene ali nawo kale m'thumba? Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, inde, koma akabwerera nako timeta ndi chiyani?

Ndipo sanawauze za geni. Ukwati ulipiritse zingati? Chinkhoswe? Mwambo wotsanzikana ku nazale? Kutsukitsa kumadya zingati kuti phindu lioneke? Sanawauze kuti lamulo la 2016 loteteza eni luso limateteza zithunzi monga limatetezera nyimbo ndi mabuku, kapena kuti kuli COSOMA. Anawa anasiya zithunzi zonse pa laputopu ya bungwe osafunsa kuti zikathera kuti. Nzima yemwe uja anadikira mpaka 1998 kuti umwini wa chithunzi chake ubwerere kwa iye. Ndiye nkhope ndi yanga, luso ndi la mlongo wanga, koma chithunzi chili ndi ena. Mwina pano chili pa lipoti kwinakwake chikupempha ndalama m'dzina langa.

Chinanso chimene sanaphunzitse ndi kusunga. Kamera ya digito yoyamba inapangidwa ndi Steven Sasson ku Kodak mu 1975, ndipo luso lomwelo ndi limene linadzagwetsa malonda a filimu mpaka kampaniyo kugwa mu 2012. Tinasangalala kuti palibenso zodikira filimu. Koma mayi anga atamwalira, zithunzi zawo zonse zinali mufoni imene inagwera m'madzi tikutsika boti. Chatsala ndi chimodzi, chimene anajambulitsa kwa wa kamera m'khosi uja ine ndili Sitandade 5. Cha agogo cha ku Salisbury chilipo, za dzana zinapita. Amene mukuwerenga, sankhani zithunzi zisanu mufonimo mukatsukitse sabata ino. Musadzati sindinanene.

Ndiye chigamulo changa pa chionetserochi ndi ichi: manja aphunzira, maso akadali obwereka, ndipo pakamwa sipanatsekuke. Muyeso umene ndikupereka kwa wojambula aliyense, ngakhalenso wolemba, ndi wosavuta. Kodi mwini nkhopeyo ataona chithunzi chako pamodzi ndi mawu apansi, anganene kuti, "Eya, ndine ameneyu"? Sikuti achite kuchikonda. Chingathe kumuonetsa atatopa, atakwiya, akulira. Koma adzizindikire. Inunso olemba nkhani zaifupi amene mumakonda kutenga "mayi wogulitsa tomato" kukhala mpangankhani wovutika, munayamba mwakhalapo naye pabenchi tsiku lathunthu? Mukudziwa kuti amaseka chiyani?

Za ngongole ija sindinavomere, sindinakanenso. Ndamuuza mnyamatayu kuti ayambe ndi foni yanga kwa miyezi itatu. Aliyense womujambula ayambe wamupempha, amuonetse chithunzicho, ndipo mawu apansi amufunse mwini wake. Akapeza makasitomala khumi olipira ndi foni, za kamera tidzakambirana.

Loweruka lapitali anabwera kumsika. Anaima patsogolo pa benchi ngati mlendo n'kunena kuti, "Odi asisi, ndingakujambuleni?" Ndinamuuza adikire ndikonze mpango, ndiunjike tomato bwinobwino. Anajambula zinayi, ziwiri ndinafufutitsa. Atatembenukira kwa mnzanga wa benchi yoyandikana, mayiyo anati, "Iwe, lero ayi, sindinaluke tsitsi." Kuwala kunali kwabwino zedi nthawi imeneyo, ndinaona mnyamata akumeza malovu. Koma anaika foni m'thumba n'kunena kuti abweranso Lachiwiri.

Ndasiyira pomwepa, kasitomala waima. Amene mukutsutsa bwerani, ndiyankha madzulo ndikaweruka.